Paipi Yotuluka Thukuta ya kwa Che Ibrahimu

Paipi ija inayamba kudontha Lolemba m'mawa, Che Ibrahimu atangokwera basi. Ndikutitu fumbi la basi likuonekabe kumsewu, Nickson anawerama kuti atole sipanala nkuona kadontho koyera pansi pa makina. Kenako kena. Kenako kenanso kkkk. Tsoka lake munthu.

Izi zinachitika mu 1997 pa Golomoti, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuwoloka msewu. Che Ibrahimu anali ndi shopu ya zitsulo kuseri kwa msika, ndipo m'shopumo munali makina amodzi omwe dera lonse linkawadalira, makina osema zitsulo. Umamangirira chitsulo, chimazungulira, kampeni kolimba nkumachisenda pang'onopang'ono ngati chinangwa mpaka chifike saizi yomwe ukufuna. Shafiti ya chigayo ikadyeka, ekiselo ya ngolo ikatha, aliyense ankathamangira komweko. Koma chitsulo chikamasendedwa chimatentha koopsa, ndiye makinawo anali ndi kathanki pansi, kapampu, ndi paipi ya labala yokweza madzi oyera osakaniza ndi oyilo kuti azithira pomwe mpeni ukudya. Madziwo pashopupo ankangowatchula kuti mkaka.

Nickson anali atagwira ntchito pamenepo zaka zitatu. Kale ankamata machubu a njinga pansi pa mlambe wa pa siteji, Che Ibrahimu nkumutenga ataona mmene amawongolera masipoko. Zaka zonsezo makina aakuluwo ankawagwira bwana ali chiimire pambali pake. Tsopano maso a bwanayo anali atayamba kuchita chifunga, manambala a pa choyezera samawaonanso bwino, ndiye ankafuna womusiyira. Ponyamuka kupita ku sadaka ya akulu awo ku Mangochi anamuuza mosabisa.

"Ndibwera Loweruka, Inshallah. Sabata ino makinawa ndi ako. Ndikadzapeza zonse zili bwino, kiyi wa shopu ino uzisunga ndiwe. Ndikadzapeza wandiphera makina, ndilembera mphwanga Daudi abwere adzawagwire, iwe ubwerere ku machubu ako. Tamvana?"

"Tamvana bwana."

Ndiye taganizani, tsiku loyamba lenileni paipi yayamba zake.

Akadali chogwada anatulukira Lazaro, mnzake wa pansi pa mlambe uja, yemwe m'mawa uliwonse ankabwera kudzabwereka sipanala nkukhala mpaka masana akucheza.

"Aise, wataya chani?"

"Paipi ikudontha."

Lazaro anasuzumira nkuseka. "Kameneka? Aka ndi kathukuta chabe. Kunja kukutentha, iwenso ukutuluka thukuta, bwanji sitikukusintha?" Anasolola mphira m'thumba, ija yodula ku chubu chakutha, yomangira katundu pa kaliyala. "Kumanga unandiphunzitsa ndiwe. Wayiwala chifukwa cha ovolosi?"

Kunena zoona pa nkhani ya mphira Nickson anali katswiri. Mpini wa khasu ukang'aluka, mphira. Chitseko cha khola chikamagwa, mphira. Wailesi ya amayi ake mabatire akamatuluka, mphira yomweyo. Anakulunga kasanu, kukoka mwamphamvu, kupisa nsonga mkati. Kudontha kunasiya. Anadzuka akudzipukuta m'manja ngati dokotala wamaliza opaleshoni.

Cha m'ma 11 panja panalira belu la njinga. Anali Chrissie, mwana wa a Gidiyoni eni chigayo cha ku Mtakataka. Koma mtsikana ameneyu inu. Anaphunzira za makina ku sukulu ya ntchito zamanja ku Lilongwe, mkazi yekha m'kalasi la anyamata okhaokha, ndipo injini ya chigayo cha bambo ake ankaiphwasula yekha nkuibwezera popanda nati yotsala. Pamsewu ankamanga chitenje pamwamba pa ovolosi kuti akuluakulu asamayankhule. Akafika pantchito ankachivula, kuchipinda bwinobwino, nkuchikoleka pa handulo. Anatero ndithu Nickson ndi Lazaro akuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mwaswera bwanji achimwene. Che Ibrahimu ali kuti?"

"Achokapo, abwera Loweruka. Koma ine ndilipo."

"Ndaona kuti mulipo. Makinawa mumawatha?"

"Kwambiri."

Chrissie anamasula katundu pa kaliyala, shafiti yakale yodyeka, beringi yatsopano, mphete ija yachitsulo yomwe shafiti imazunguliramo, ndi chitsulo chimodzi chozungulira chonyezimira. "Mundisemere yofanana ndi iyi, beringiyi izilowa mothina. Chitsulochi ndi chimodzi chokha, ababa anachita kukachitenga ku Limbe. Chigayo chaima sabata yachiwiri, azimayi abwerera ku mtondo, akutitukwana m'nyimbo zosinjira. Lachinayi mutha?"

"Lachinayi mmamawa muipeza ikukudikirani."

Akanangonyamuka pomwepo. Koma maso ake anagwera pa mphira ija.

"Ichi ndi chani?"

"Kanali kathukuta, takonza," anatero Lazaro, munthu osafunsidwa.

"Tazimitsani magetsi a pakhoma."

Nickson anazimitsa osadziwanso chifukwa chomwe akumvera. Chrissie ananjuta nkuyamba kufinya paipi ndi zala kuchokera ku pampu mpaka kumwamba, pang'onopang'ono, ngati mayi akusankha mapeyala pamsika.

"Tagwirani apa. Pauma ngati chikopa cha ng'oma. Nanga apa? Pafewa ngati nthochi yoola. Paipi yabwino imafanana paliponse, ukaifinya imabwerera yokha." Anaipinda pafupi ndi kilampu, kachitsulo kaja kothinitsa paipi, pakuoneka timing'alu tambirimbiri ngati chidendene cha m'chilimwe. "Iyi yatha achimwene. Musanayambe chitsulo changa musinthe."

"Achemwali," anatero Lazaro, "mphira imeneyi imatsitsa matumba awiri a makala kuchokera kuphiri uko. Ingalephere timadzi?"

"Makala alibe oyilo. Mkakawu uli ndi oyilo, ndipo oyilo amadya mphira ya chubu. Pofika mkucha ikhala ngati chingamu."

Mumtima Nickson anadziwa kuti zikumveka. Koma paipi yatsopano ndiye kuti ulendo wa ku Salima, shopu yotseka tsiku lathunthu, msika wonse nkumati bwana atangochoka mnyamata watseka. Komanso Lazaro anali pomwepo akumwetulira, ndipo nkhani ikalowa m'khutu la Lazaro pofika madzulo ili ku Mua.

"Sisi, makinawa ndakhala nawo zaka zitatu."

"Paipiyi yakhala nawo mwina khumi, ndipo yatopa." Anamanga chitenje chake, nkukwera njinga. "Lachinayi."

Lachiwiri zinayenda bwino zedi. Zinyenyeswa za chitsulo zinkatuluka zopotana zonyezimira, mkaka ukuthira, Nickson akuimba mluzu. Lazaro anabwera kudzagwira mphira ija nkuti, "Waona? Sukulu zambiri zimangoopseza anthu."

Lachitatu mphira inadzuka yonata, ukaigwira ikutsalira m'zala, ndipo kudontha kunayambiranso. Nickson anatenga ina nkumanga pamwamba pake, ulendo uno kukoka ndi mphamvu zake zonse mpaka kuluma mano. Sanadziwe kuti akuikanyanga pakhosi paipi yofewa kale ija. Mkaka womwe unkatuluka wonenepa ngati chala unayamba kutuluka ngati ulusi. Cha kumasana zinyenyeswa zinasintha mtundu, kuchoka kunyezimira kufika pa buluu wakuda, ndipo m'shopu munayamba kununkha ngati poto wapserera.

"Utsi ndiye kuti ntchito ikuyenda," anatero Lazaro ali pa chigubu akudya malambe.

Nickson anaimitsa makina nkuyeza. Chitsulo chinali chotentha moti anachigwira ndi sanza, koma nambala inali ndendende. Anasangalala. Anati angodutsitsa mpeni kamodzi komaliza kuti pasalale, nkuyatsanso.

Phwaa.

Paipi inaphulika pa kilampu pomwe Chrissie anapinda paja. Mkaka wonse womwe unkakanika kudutsa unamupeza Nickson kumaso, m'mphuno, m'makutu, munthu yense mbuu kkkk. Anabwerera m'mbuyo osaona, phazi nkuterereka pa simenti yonyowa, ndipo pogwa mkono wa ovolosi unakhudza chitsulo chozungulira chija. Kunamveka kweee. Mwamwayi dzanja linalo linagwera pa swichi, makina nkuima.

Azimayi ogulitsa tomato anathamanga kudzasuzumira pakhomo. Mmodzi anati, "Bambo a zitsulo, mwadzola ufa, kuli chinamwali?" Lazaro anaseka mpaka kugwa pa chigubu. Anaseka, kuseka, kenako anaona nsalu ya buluu itakulungika pa shafiti, mkono wonse wa ovolosi kuyambira pa chigongono. Anayang'ana dzanja la mnzake, lamaliseche, lokalika pang'ono chabe. Kuseka kunathera pomwepo. Anakhala pansi osayankhula, ndipo anthu a pa Golomoti amati sizinachitikepo chibadwire chake.

Nickson atasamba kumaso anadikira shafiti izizire, nkutenga beringi kuti ayese. Inayenera kulowa ndi hamala. Inalowa yokha ngati chibangili cha mwana pa dzanja la chidole. Chitsulo chikatentha chimafufuma, iye anachiyeza chili chofufuma, chitazizira chinabwerera nkukhala chaching'ono. Ndipo chitsulo ukasenda sungabwezerenso.

Lachinayi m'mawa Lazaro anafika ndi nzeru zatsopano komanso chitini cha majarini.

"Dula kachidutswa, ukulunge pa shafiti, beringi ithine. Amanga ku chigayo, chiyenda mwezi umodzi kapena iwiri. Chikadzafa adzati ndi injini. Bwana wako abwera Loweruka apeza kasitomala wapita akusekerera, kiyi ndi wako."

Usiku wathawo Nickson sanagone bwino, ankangoona mlambe uja ndi beseni la madzi oyesera machubu. Anatenga sizasi ya malata, nkudula ndithu kachidutswa. Ali mkati mokawongola belu lija linalira panja. Anayang'ana kachitiniko, nkukumbukira liwu la nsalu ikung'ambika, nkuganiza za shafiti ikugwedera m'chigayo modzaza azimayi ndi ana kumbuyo. Anakaponya m'ndowa ya zinyalala.

Chrissie analowa chitenje chili pa handulo kale. Nickson anangomupatsa shafiti ndi beringi. Mtsikanayo anaimika shafiti pa tebulo, kuika beringi pamwamba, nkuisiya. Inatsetsereka mpaka pansi, ngwee. Anayang'ana paipi yophulika, simenti yoyera, kenako ovolosi ya mkono umodzi.

"Dzanjalo lili bwino?"

Eti anayamba kufunsa dzanja. Chitsulo cha ku Limbe chafa, chigayo chaima, iye akufunsa dzanja.

"Lili bwino sisi. Munanena, sindinamve. Ndalakwa ndine."

"Ababa akamva lero sadya." Anapuma mokoka, Lazaro akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. "Chabwino. Kulira sikusema chitsulo. Bweretsani mpeni."

Anamasula paipi ija nkuing'amba m'litali ngati akutumbula nsomba. Mkati munali matope otuwa osakanikirana ndi zinyenyeswa, ogwirana gwa, kanjira kotsala kosalowa ngakhale ndodo ya machesi.

"Mwaona? Thukuta lija linali kungokuuzani kuti mkati muli nkhondo. Pampu ikukankha, njira yatsekeka, madzi akufuna potulukira. Inu mwatseka pakamwa pa wodwala nkumati wachira." Anavundukula kathanki, kupisamo dzanja, nkutulutsa sefa yong'ambika pakati. "Zinyenyeswa zimadutsa apa. Thankiyi munaitsuka liti?"

Nickson anayang'ana Lazaro. Lazaro anayang'ana kudenga.

"Mvetserani, si zambiri. M'mawa uliwonse musanamwe ndi tiyi yemwe, magetsi a pakhoma akhale ozima, muyendetse dzanja paipi yonse. Pouma, pofewa, potupa, mumve ndi zala. Muipinde pafupi ndi makilampu, chifukwa imayambira pamenepo. Muyang'ane pansi ngati pagona dontho. Mukayatsa, musayambe kudula musanaone kuti mkaka ukutuluka wonenepa. Ukaonda, imani, musafunse Lazaro."

"Ine ndalakwanji?" anatero Lazaro.

"Inu dyani malambe. Ndiye Loweruka lililonse thanki itsukidwe, sefa ionedwe. Ndipo paipi ikatha, yatha. Osati ya madzi a kudimba, ifunika yopirira oyilo." Anadzipukuta m'manja. "Inzake ili kuti?"

"Inzake?"

"Mkaka ukakwera umabwerera bwanji m'thanki? Pali paipi yachiwiri."

Zaka zitatu, Nickson anali asanaionepo. Inali kuseri kwa makina, kukhoma, komwe anaunjikako malata akale ndi mawilo a ngolo. Anachotsa zonsezo atatu, abuluzi akuthawa. Paipi inalipodi, yakuda, youma, ndipo pakati pake panali mphira. Mphira yakalekale yosungunuka, pansi pake simenti itada bii ndi madontho a zaka. Koma kamangidwe kake sikanali ka anthu a njinga, kopisa nsonga mkati. Inali mfundo yaing'ono yaukhondo, ija amamanga asodzi posoka ukonde. Che Ibrahimu anakulira m'maukonde a bambo awo, ndipo ngakhale thumba la mpunga ankalimanga choncho.

Lazaro anadumpha ngati wagoletsa chigoli. "Basi wapulumuka aise. Akangoyamba kukalipa uwaonetse iyi. Uwauze kuti munayamba ndinu bwana, ine ndangotsatira."

"Mfundo ya bwana wawo siinaphe chitsulo changa," anatero Chrissie osatembenuka nkomwe. Kenako kwa Nickson, "Njinga muli nayo? Kuseri kwa chigayo kuli lole yakufa, ekiselo yake ndi chitsulo chabwino, cholimba kuposa chija. Paipi yopirira oyilo ndinasunga ya injini yathu, ikwana ziwiri. Koma mukanyamula nokha."

Anatseka shopu masana dzuwa lili paliwombo, msika wonse ukuona, chinthu chomwe ankachiopa Lolemba chija. Anapalasa mpaka ku Mtakataka, Chrissie patsogolo, iye kumbuyo lilime lili panja. Pa chigayo anapeza a Gidiyoni atakhala pa mpando wa ndalema pakhomo, makina ali zii. Mwana wawo anawafotokozera mwachidule. Mkuluyo anamuyang'ana Nickson kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nkubwereranso.

"Ndiwe wa mphira uja?"

"Ndine bambo."

"Mwana wanga anabwera Lolemba nkundiuza kuti ababa chitsulo chija tachitaya. Ine ndinati ukunyoza anzako. Tsopano ndimupepese ine chifukwa cha iwe." Anapukusa mutu. "Kazule ekiseloyo, usandiyang'ane."

Anaizula awiri, manati a dzimbiri akukana, Chrissie akuthira oyilo wakuda nkumamenya sipanala ndi mwala. Poikweza pa kaliyala Nickson anazengereza, dzanja lili m'thumba, manyazi. Chrissie anaseka koyamba sabata yonseyo.

"Tulutsani, apa ndiye pake."

Anamanga ndi mphira, ndipo ekiseloyo sinagwedere ngakhale kamodzi mpaka pa Golomoti.

Lachisanu Chrissie anafika tambala atangotsika. Anati shafiti yachiwiri safuna kuimva m'nkhani, aionera yekha. Koma sanagwire kanthu. Anakhala pa chigubu cha Lazaro manja atapinda, ntchito yonse nkugwira Nickson. Anakhuthula thanki, kukokota matope ndowa ziwiri, kudula sefa yatsopano, kuika mapaipi onse awiri, kuthinitsa makilampu.

"Osapyola. Kilampu igwire, isalume."

Anasakaniza mkaka watsopano, nkuyatsa. Unatuluka wonenepa, woyera, ukuthira pa mpeni mwaufulu. Ekiselo ya lole ndi chitsulo chamakani, ndiye anadula pang'onopang'ono tsiku lonse. Nthawi iliyonse akafuna kuyeza, Chrissie ankangokhosomola, iye nkuyamba waika kuseri kwa dzanja pa chitsulo kuti amve ngati chazizira. Cha m'ma 4 anatenga beringi. Inakana. Anaika thabwa pamwamba nkugogoda ndi hamala, go, go, go, ikulowa pang'onopang'ono mpaka kukhala pamalo pake nganganga.

Chrissie anaizunguza ndi chala, nkumvetsera pafupi ndi khutu.

"Manja muli nawo achimwene. Makutu ndi omwe amachedwa."

Anamanga shafiti pa njinga, chitenje m'chiuno, uyo wapita. Ndipo ayi, sanakwatirane, musayambe kkkk. Iye anali ndi chigayo choti adzutse.

Loweruka m'mawa Lazaro anabwera ndi malangizo omaliza. Shafiti yakufa aiponye m'chimbudzi cha pamsika, mapaipi akale awotche, bwana maso ndi ofooka sadziwa kanthu. Zikavuta, mfundo ija. Nickson anamuuza kuti apite akaone makasitomala ake. Anasesa m'shopu, nkuyala pa tebulo shafiti yakufa, paipi yong'ambidwa, ndi paipi yakuseri ija, mphira yake ili pomwepo. Kenako anayendetsa dzanja pa mapaipi atsopano, magetsi ali ozima, nkudikira.

Che Ibrahimu anatsika basi ya masana, mkanjo woyera, kachikwama m'manja. Analowa, kupereka moni, nkuima pakati pa shopu akununkhiza.

"Mkaka watsopano. Wataya wakale chifukwa chani?"

Nickson anafotokoza zonse. Dontho la Lolemba, mphira, mawu a mwana wa a Gidiyoni omwe anawakana, utsi, ovolosi, chitsulo cha ku Limbe, ngakhale chitini cha majarini chomwe anadula. Sanachotsepo kanthu. Anafika mpaka kumapeto.

Bwanayo anaika kachikwama pansi, nkupita pa tebulo. Poti maso ndi ofooka, ankaona ndi zala. Anasisita shafiti yakufa, nkupeza pomwe mpeni unapsa. Anatenga paipi yong'ambidwa, nkukanda matope a mkati ndi chikhadabo. Kenako anatenga yachiwiri. Zala zinayenda, kuyenda, kufika pa mfundo ija, nkuima.

Panja Lazaro anali atamata khutu pa lata.

"Iyi unaipeza kuti?"

"Kuseri, bwana. Yobwezera mkaka m'thanki."

"Anamanga ndani?"

Mlambe uja unamuonekeranso Nickson m'maso, beseni, machubu, dzuwa.

"Womanga sindinamuone bwana. Koma mfundo yake ndi yabwino."

Mapewa a Che Ibrahimu anayamba kugwedera. Anaseka mpaka kuvula chipewa nkupukutira misozi.

"Wallahi, chaka cha chilala chija. Ndinati ndimange lero, mawa ndikagule yatsopano. Zaka zisanu mawa wake sanafike." Anakhala pa benchi paipi ili m'manja. "Iwe wapha shafiti imodzi, ndipo kwa a Gidiyoni tipita limodzi Lolemba kukapepesa, chifukwa chitsulo chinafera m'nyumba mwanga. Ukanandibisira, ndikanadzamva kwa azimayi a tomato, ndipo kalata ya Daudi ikanapita lero lomwe."

Anapisa m'thumba la mkanjo, nkutulutsa kiyi wa pa chingwe chakuda. Anamuponyera. Nickson anawakha ndi manja awiri ngati dzira.

"Usayambe kusekerera, ntchito sinathe. Zima magetsi a pakhomawo."

"Ndi ozima kale bwana."

"Ndiye bwera kuno." Mkuluyo anakwinya mkanjo wake woyera, nkugwada pa simenti pambali pa pampu, mawondo akulira. Anatambasula dzanja kufunafuna paipi. "Undionetse zomwe anakuonetsa mwana wa a Gidiyoni. Yambira poyambirira, ndipo usathamange, ndakalamba."

Nickson anagwada pambali pawo, nkugwira dzanja la bwana wake, nkuliika pa kilampu yoyamba.

Phunziro: Paipi ikayamba kudontha ikukuuzani kuti yatha kapena mkati mwatsekeka, ndiye musaitseke pakamwa ndi mphira. Zimani magetsi, ifinyeni ndi zala yonse, yang'anani pa makilampu ndi kuseri komwe simupitako, tsukani thanki, ndipo yakutha isinthidwe lero osati mawa. Wodziwa akakuchenjezani mverani, kaya wavala chitenje kaya ovolosi kaya zonse ziwiri. Ndipo mukalakwa nenani nokha, asanakunenereni a tomato.